Kangaude, Nkhokwe ndi Chala Cholozera Njira

Mukafika m'tauni yachilendo muli ndi nsalu yoti musoketse suti ya ukwati, simuyamba ndi kuwerenga zikwangwani. Chikwangwani amalembetsa ndi mwiniwake, ndipo sindinaonepo telala wolipira munthu kuti amulembere pakhoma kuti "pano timasoka mokhota". Mumafunsa. Mumafunsa wa kabaza amene wakutsitsani, mayi wa mandasi pakhonde, bambo wa m'sitolo ya nsalu. Atatu akatchula dzina limodzi, mtima umayamba kukhala m'malo. Komanso mayankhowo simuwayeza mofanana. Mawu a wogulitsa nsalu, amene matelala onse a m'tauniyo amadutsa pakauntala pake, amalemera kuposa a mnyamata wobwera mwezi watha. Uja wongoti "onse ndi abwino, achimwene, pitani paliponse" mumamuthokoza mwaulemu, mawu ake n'kuwasiya pomwepo.

Nzeru imeneyi ndi yakale ngati misika. Koma pakati pa 1996 ndi 1998, ophunzira awiri a pa yunivesite ya Stanford ku California, Larry Page ndi Sergey Brin, anaisandutsa masamu n'kuiphunzitsa kompyuta. Chimene chinatuluka ndi makina atsopano ofufuzira zinthu pa intaneti, amene poyamba ankawatcha BackRub, kenako Google. Lero timangoti "tasechani", yankho n'kubwera tisanaphethire, ndipo chinthu chikazolowereka chonchi anthu amaleka kuchiyang'ana. Ine ndikufuna ndichite zimene amachita kalipentala akaona mpando wabwino kwa eni. Amautembenuza miyendo m'mwamba kuti aone mmene mnzake analumikizira matabwa. Pansi pa Google yoyamba ija pali mfundo zitatu zogwirana bwino: kangaude, nkhokwe ndi chala.

Chipwirikiti cha 1997

Tim Berners-Lee atapanga World Wide Web ku CERN, pafupi ndi Geneva, n'kuitsegulira anthu onse mu 1991, masamba anayamba kumera ngati bowa mvula ikakhazikika. Aliyense ankatha kulemba, koma panalibe wosunga kaundula. Mu 1994 Jerry Yang ndi David Filo, ophunziranso a pa Stanford pomwepo, anayamba kusanja masamba pamanja m'magulumagulu, ndipo ntchito yawoyo ndi imene inakhala Yahoo. Inali ntchito yaukhondo, koma kunali kukapa nyanja ndi chikho. Ena anapanga makina owerenga okha: WebCrawler ya Brian Pinkerton mu 1994, Lycos chaka chomwecho, ndi AltaVista ya kampani ya Digital Equipment Corporation mu Disembala 1995, imene inadabwitsa anthu ndi liwiro lake.

Kupeza ankapeza makina amenewa. Chimene chinkawakanika ndi kusankha, chifukwa ankakhulupirira chikwangwani. Tsamba likatchula liwu lina kambirimbiri, iwo ankaliona ngati katswiri wa nkhaniyo n'kuliika pamwamba. Akathyali sanachedwe kutulukira chinyengo: ankalemba liwu limodzi mazanamazana ndi zilembo zoyera pa tsamba loyera, munthu osaona kanthu, makina n'kumawerenga mokondwa. Mu pepala limene Page ndi Brin anakapereka pa msonkhano wa akatswiri ku Brisbane, ku Australia, mu Epulo 1998, anaululamo chinthu chochititsa manyazi. Mu Novembala 1997, mwa makina anayi akuluakulu a nthawiyo, amodzi okha ndi amene ankatha kudzipeza pa mayankho khumi oyamba munthu akalemba dzina lawo. Atatu enawo anali olondolera alendo osadziwa kwawo.

Kangaude amene amaodira

Chodabwitsa choyamba n'chakuti mukalemba funso, makinawo sanyamuka kukafufuza pa intaneti. Anapita kale, inu muli mtulo. Usana ndi usiku pali pulogalamu imene akatswiri amaitcha kangaude, poti imayenda pa ukonde. Imatsegula tsamba, kulikopera lonse, kutola malinki onse amene alimo, n'kuwaika pa mzere wa malo oti ikafikeko. Tsamba lililonse latsopano limabereka maulendo ena, motero kangaudeyo sapuma.

Kunena kwake n'kosavuta, koma luso lili pa kudikira. Kompyuta ya kutali ikapemphedwa tsamba, imatha kuyankha msanga, kuyankha mochedwa, kapena kungokhala chete. Kangaude wodikira tsamba limodzi lifike ndiye apemphe lina akhoza kukalamba asanamalize ndi mudzi umodzi womwe. Akangaude a Page ndi Brin analembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Python, n'kukonzedwa moti aliyense azikhala atapempha masamba pafupifupi 300 nthawi imodzi. Ndi mmene amachitira mayi wophikira anthu pa zinkhoswe. Nyemba zikamabwata sakhala n'kumaziyang'ana, amakhala akusadzula apa, akukazinga apo, khutu lili ku mphika uliwonse. Akangaude anayi akathamanga limodzi zinthu zili bwino, ankabweretsa masamba oposa 100 pa sekondi imodzi, ndipo pofika nthawi ya pepala lija anali atasonkhanitsa masamba 24 miliyoni.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa kangaude ndi khalidwe lake. Mu 1994 Martijn Koster, katswiri wa ku Netherlands, anayambitsa mwambo woti mwini masamba aziika kafayilo kotchedwa robots.txt pakhomo, konena zipinda zimene makina saloledwa kulowamo. Si loko ayi. Kangaude wamwano akhoza kukanyalanyaza. Koma wophunzitsidwa bwino amayamba waodira, kuwerenga kachikalatako, n'kulowa mokhamo mmene waloledwa. Amapewanso kugogoda khomo limodzi kambirimbiri motsatizana, kuopa kufoola kompyuta ya eni ake.

Ngakhale zinali choncho, ulendowo sunali wopanda minga. Iwo eni anafotokoza kuti anthu ena, ataona mlendo wawerenga masamba awo onse, ankalemba kalata yofunsa ngati wawakonda, osadziwa kuti mlendoyo alibe maso. Tsiku lina kangaudeyo analowerera m'masewera amene anthu ankasewera pa intaneti n'kuwadzazira mauthenga opanda mutu. Masamba ena anali othyokathyoka, ena odzaza ndi zizindikiro zopanda tanthauzo. Pa masamba mamiliyoni, cholakwika chilichonse chimene chingachitike chimachitikadi penapake, ndipo mmisiri wabwino amakhala atachikonzekera.

Nkhokwe yosanjidwa chagada

Kukolola n'kwina, kusunga n'kwina. Masamba 24 miliyoni ataunjikidwa mmene anabwerera, kupezamo liwu limodzi kungafune kuwerenga onse kuyambira loyamba. Choncho nkhokwe ya makina ofufuzira imasanjidwa chagada. M'malo molemba kuti tsamba ili lili ndi mawu awa, imalemba kuti liwu ili lili m'masamba awa.

Abusa ndi alaliki amaidziwa bwino njira imeneyi, chifukwa ndi ya konkodansi, buku lija lolozera mavesi onse mmene liwu likupezeka. Cha m'ma 1230 ansembe a chipani cha Dominiko ku Paris, motsogozedwa ndi Hugh wa ku Saint-Cher, anapanga konkodansi ya Baibulo la Chilatini. Mu 1737 Alexander Cruden, wogulitsa mabuku ku London wochokera ku Aberdeen, anatulutsa ya Baibulo la Chingerezi, ntchito imene anaigwira ndi maso ake ndi cholembera. Thukuta lonse limatuluka nthawi yosanja, kuti wobwera kudzafunsa asatuluke thukuta. Mukalemba mawu atatu, tinene "mbewu", "chimanga" ndi "chilala", makinawo amangotenga mindandanda itatu imene inakonzedwa kale, n'kuona masamba amene akupezeka pa yonse itatu. Liwiro limene timadabwa nalo ndi zipatso za ntchito ya dzana.

Mawu onse salemera mofanana, ndipo amene anaika mfundo imeneyi m'masamu ndi mayi wa pa yunivesite ya Cambridge, Karen Spärck Jones, mu 1972. Anaona kuti liwu lopezeka paliponse silikuuza kanthu, pamene losowa limaloza molunjika. M'chinenero chathu, "ndi", "wa" ndi "ku" ali pa tsamba lililonse, koma tsamba lotchula "nankafumbwe" mwachidziwikire likukamba za kusunga chimanga. Mpaka lero makina ofufuzira amapereka ulemu wochuluka kwa liwu losowa, ndipo ambiri amene amadya phindu lake dzina la mayiyu sanalimvepo.

Pamene pamaonekera dzanja la Page ndi Brin ndi pa kusamala malo. Anali ophunzira, ndalama zinali zoperewera. Chosungira chawo choyamba mu 1996 chinali madisiki khumi a 4 GB iliyonse, omangiridwa m'kabokosi ka tinjerwa tapulasitiki tosewerera ana. Zonse pamodzi 40 GB, malo amene foni wamba ya lero imawaposa. Choncho nthawi iliyonse imene liwu lapezeka pa tsamba, ankalemba mbiri yake m'mabaiti awiri okha, malo ongokwana zilembo ziwiri. M'mabaiti awiri muli timagawo 16, kalikonse kongotha kunena inde kapena ayi. Kamodzi anakapatsa ntchito yonena ngati liwulo layamba ndi chilembo chachikulu. Titatu tinkanena kukula kwa zilembo poyerekeza ndi zina za pa tsambalo, poti liwu la pa mutu wa nkhani limalemera kuposa la m'munsi. Totsala 12 tinkasunga malo amene liwulo lili pa tsambalo, kuti ndi lachingati kuchokera poyambira.

Timagawo 12 timeneti tinkagwira ntchito yaikulu. Popeza malo a liwu lililonse ankadziwika, makinawo ankatha kuona ngati mawu awiri amene mwafunsa ali moyandikana kapena ali kutalikirana, lina kumutu lina kumchira. Anagawa kuyandikanako m'masitepe khumi, kuyambira pa mawu ogundana mpaka otalikirana kotheratu. Tsamba limene "mbewu" ndi "chimanga" akhalira limodzi linkapambana limene mawuwo angokumana mwangozi. Ndikamaganizira mabaiti awiriwa ndimakumbukira telala wodula nsalu yoperewera, amene amayala mapatani mozondotsa mpaka kolala n'kutuluka pa kansalu kamene wina akanataya.

Chala

Kwathu kuloza munthu chala si ulemu. Pa intaneti n'zosiyana. Linki ndi chala, ndipo wolemba tsamba akaika linki amakhala akunena kuti pitani uko, kuli zoti muone. Makina ambiri akale ankagwiritsa ntchito malinki ngati misewu yoyendamo kangaude basi. Larry Page, amene ankaphunzira pansi pa Terry Winograd, anaona kuti malinkiwo ndi umboninso.

Anali ndi chitsanzo pafupi. Asayansi akalemba pepala amatchula mapepala a anzawo amene atsamirapo, ndipo Eugene Garfield wa ku Philadelphia anali atatulutsa mlozera wa kutchulana kumeneku mu 1964, wosonyeza kuti pepala lililonse latchulidwa ndi ndani. Pepala lotchulidwa ndi ambiri nthawi zambiri limakhala lofunika. Vuto la intaneti linali lakuti tsamba limangoonetsa kumene likuloza, silidziwa amene akuliloza. Kuti udziwe zala zonse zoloza tsamba limodzi, uyenera kuyamba wawerenga masamba onse. N'chifukwa chake ntchitoyo inayamba ndi dzina la BackRub, poti inkayang'ana malinki chakumbuyo.

Kungowerenga zala sikukanakwanira, chifukwa munthu akhoza kupanga masamba 1,000 achabechabe oloza lake. Njira imene anaitcha PageRank, potengera dzina la Page, inawonjezapo mfundo ziwiri zija za kwa telala. Yoyamba, chala cha tsamba lolemekezeka chimalemera kuposa cha tsamba losadziwika. Yachiwiri, ulemu wa tsamba umagawidwa kwa onse amene likuwaloza. Tiyerekeze tsamba lili ndi ulemu wokwana 12. Likaloza masamba atatu, lililonse lilandira 4. Likaloza masamba 12, lililonse lilandira 1. Woyamikira aliyense mawu ake amapepuka, ndipo pano kupepukako kuli ndi nambala.

Wina afunsa kuti, nanga ulemu wa tsamba lolozalo ukuchokera kuti? Ukuchokera kwa amene akuliloza, amenenso ulemu wawo ukuchokera kwa ena. Zikuoneka ngati galu wothamangitsa mchira wake. Kukongola kwa masamuwo n'kwakuti mchirawo umagwidwa. Mumayamba mwapatsa masamba onse ulemu wofanana. Kenako lililonse ligawe wake kwa amene likuwaloza, muwerengere zimene aliyense walandira. Mubwerezenso ndi manambala atsopanowo, mubwerezenso. Poyamba manambala amasinthasintha kwambiri, kenako pang'ono, kenako amangoti phee, ngati madzi a m'ndowa akasiya kugwedezeka. Pa malinki 322 miliyoni, iwo anapeza kuti kubwereza maulendo 52 kunali kokwanira.

Pali njira ina yoonera chinthu chomwechi, ndipo ndi imene ndimaikonda. Ganizirani munthu wongoyenda pa intaneti wopanda cholinga. Pa tsamba lililonse amadina linki iliyonse imene chala chagwerapo. Maulendo 85 mwa 100 amatero, koma maulendo 15 amatopa n'kudumphira pa tsamba lina lililonse mwachisawawa. Atayenda zaka ndi zaka, masamba ena adzakhala atawaponda kawirikawiri, ena mwa apo ndi apo. Kuchuluka kwa mapazi akewo ndiye PageRank. Ndi mmene njira imapangikira pa dambo. Palibe anaijambula, koma pamene mapazi adutsa kwambiri udzu umagona. Kudumpha kwa maulendo 15 kuja si chokongoletsera. Popanda iko, woyendayo akalowa m'kagulu ka masamba olozana okhaokha, kapena pa tsamba losaloza kulikonse, akanakodwa mmenemo ngati nsomba m'mono, ulemu wonse n'kuunjikana pamalo amodzi. Nambala imodzi, 0.85, inatsegula khomo lotulukira.

Anawonjezanso kachinthu kena kanzeru. Mawu amene wolemba amawaika pa linki, aja odindidwa mzere kunsi, Google inkawawerengera ku tsamba lolozedwalo, osati lolozalo lokha. Anthu ena amakufotokoza molondola kuposa mmene umadzifotokozera wekha. Chifukwa cha zimenezi makinawo ankatha kupereka ngakhale zithunzi, mapulogalamu ndi masamba amene kangaude sanafikeko, pongomvera zimene anthu akunena za izo. M'pepala lija anaonetsa chitsanzo cha dzina la Bill Clinton, pulezidenti wa America nthawi imeneyo. Makina ena otchuka ankatha kubweretsa tsamba la nthabwala zonena za iye, pamene Google inkayamba ndi masamba a White House.

Chilungamo chake, sanali okha pa maganizo amenewa. Robin Li, amene anadzakhazikitsa makina ofufuzira a Baidu ku Beijing mu 2000, anali atapanga njira yake yoyezera malinki yotchedwa RankDex mu 1996 ali ku New Jersey. Katswiri wina, Jon Kleinberg, nayenso ankafufuza zofanana pa nthawi yomweyo. Chimene Page ndi Brin anapambana nacho ndi kulumikiza. Anaphatikiza ulemu wa tsamba, mawu a pa linki, kukula kwa zilembo ndi kuyandikana kwa mawu, moti panalibe chimodzi chimene chikanalamulira chokha.

Nkhope yopanda zodzola

Kampaniyo inalembetsedwa mu Seputembala 1998, Andy Bechtolsheim, mmodzi wa oyambitsa Sun Microsystems, atalemba cheke cha madola 100,000. Ofesi yoyamba inali galaja ya Susan Wojcicki ku Menlo Park. Dzina la Google linachokera ku googol, nambala ya 1 wotsatidwa ndi maziro 100.

Pa nthawiyo makampani ena ankadzaza masamba awo oyamba ndi nkhani, zanyengo, masewera ndi zotsatsa malonda zothwanimathwanima, pofuna kuti mlendo achedwe pakhomo pawo. Google inabwera ndi tsamba loyera mbee, dzina, kabokosi ndi mabatani awiri. Linkatseguka msanga ngakhale pa netiweki yofooka ya lamya ya masiku amenewo. Pansi pa yankho lililonse ankaika mizere iwiri yotengedwa pa tsambalo, pomwe pali mawu amene mwafunsa, mawuwo atadetsedwa, kuti mulawe musanagule. Tsamba likakhala kuti lazimitsidwa kwa eni ake, ankakupatsani kope limene kangaude anasunga. Cholinga chonse chinali choti muchoke msanga, mwapeza chimene mumafuna. Wolozera njira wabwino sakusungani pa mphambano. Pofika Juni 2000 mlozera wawo unali ndi maadiresi a masamba oposa 1 biliyoni, ndipo Yahoo yomwe ija inawalemba ganyu yoyankha mafunso a anthu ake.

Matope ndi tsabola

Walira mvula walira matope. Anthu atadziwa kuti chala chili ndi mtengo, msika wa zala unatsegulidwa. Ena ankagulitsa malinki, ena ankamanga masamba masauzande olozana. Mu 2003 gulu la anthu linagwirizana kuika mawu onyoza pa malinki oloza tsamba la mbiri ya George W. Bush, mpaka wolemba mawu onyozawo ankalandira tsambalo pamwamba, ndipo zinatenga mpaka Januwale 2007 kuti zikonzedwe. Mu 2005 panakhazikitsidwa chizindikiro chotchedwa nofollow, choti mwini tsamba azitha kunena kuti linki iyi ilipo koma sindikuichitira umboni. Mu 2011 kusintha kotchedwa Panda kunatsitsa masamba a mawu ambiri opanda nzeru, ndipo mu 2012 Penguin inalanga ogula malinki. Mpanda wa nkhokwe sumangidwa kamodzi. Makoswe akaboola uku, mwini amamata, iwo n'kuyambira kwina.

Vuto lina linali m'kati mwa PageRank momwemo. Njira imafuna nthawi kuti ipondeke, choncho tsamba lolembedwa m'mawa uno, limene palibe waliloza, linkagonja kwa lakale. Komanso m'zaka zoyambirira nkhokwe yonse inkasanjidwa mwatsopano pafupifupi kamodzi pa mwezi. Pa 11 Seputembala 2001, anthu ofufuza za nyumba zosanja za ku New York zimene zinali kuyaka ankalandira masamba akale osadziwa kanthu za tsikulo, mpaka Google inachita kuika pamanja malinki a nkhani pa tsamba lake loyamba. Tsabola wakale sawawa. Krishna Bharat, katswiri wa pa kampaniyo, anapanga makina osonkhanitsa nkhani za m'manyuzipepala osiyanasiyana n'kuunjika pamodzi zokamba chinthu chimodzi, ndipo anatuluka mu 2002 ndi dzina la Google News. Mu Juni 2010 Google inamaliza kumanga nkhokwe yatsopano yotchedwa Caffeine, imene imalandira tsamba lililonse likangofika m'malo modikira kukolola konse. Makinawo anayenera kuphunziranso kusiyanitsa mafunso. Wofunsa zigoli za mpira akufuna za lero, wofunsa kaphikidwe ka thobwa sasamala chaka.

Pali chinthu chinanso chimene sitingachibise. Kumapeto kwa pepala lawo la 1998, Page ndi Brin anachenjeza kuti makina ofufuzira odalira ndalama za otsatsa malonda amakonda kupendekera kwa otsatsawo. Mu Okutobala 2000 kampani yawo inayamba kugulitsa malo otsatsira kudzera mu AdWords, ndipo mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta ku Washington anagamula kuti Google inaphwanya malamulo potsekereza opikisana nayo. Mmisiri ndi wamalonda akhala m'nyumba imodzi kuyambira kale. Ndikutama mpandowo, osati zonse zimene zakambidwa ndi okhalapo.

Mtengo wa mango

Tsopano lembani m'kabokosi kaja kuti "mtengo wa mango". Mukufuna wodzala kuseri kwa nyumba, kapena mukufunsa kuti mulu ukugulitsidwa bwanji? Pakamwa mawu awiriwa, mtengo womera ndi mtengo wogulira, amasiyana kamvekedwe, koma pa pepala ndi amodzi. Makina amathetsa mkangano wotere poyang'ana anansi a liwulo. Pamene pali kwacha, msika ndi dengu, ndi mtengo wogulira. Pamene pali mizu, mthunzi ndi mbande, ndi womera. Koma kuti adziwe anansiwo amafunika kuwerenga zolembedwa zambirimbiri.

Chinenero chathu chimawapatsanso ntchito ina. Mu 1980 Martin Porter anapanga njira yodulira michira ya mawu a Chingerezi kuti tsinde litsale, ndipo inathandiza kwambiri chifukwa m'Chingerezi tsinde limakonda kukhala kutsogolo. Lathu limabisala pakati. Ndikulima, tinalima, adzalimitsa, mlimi ndi ulimi ndi ana a mimba imodzi, koma palibe awiri oyamba mofanana, pamene kulimba, kooneka ngati mbale wawo, n'kwa fuko lina. Khasu likachuluka limakhala makasu, phiri mapiri, dzira mazira. Wina amalemba Malaŵi, wina Malawi. Wina anapita, wina adapita. Ku Zambia amalemba Cinyanja pamene ife timayamba ndi ch. Zonsezi makina akhoza kuziphunzira, monga amaphunzirira kukonza masipelo poona mmene anthu amadzikonzera okha akalakwitsa. Google Translate inalandira Chichewa mu Disembala 2014. Koma nkhokwe silima. Imasunga zokhazo zimene zinakololedwa, ndipo kangaude sangabweretse tsamba limene palibe analilemba.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene ndimasirira pa mpando uja nditautembenuza. Page ndi Brin sanayese kupanga makina odziwa kuti tsamba labwino ndi liti. Anavomereza kuti odziwa ndi anthu, mamiliyoni a anthu osadziwana, aliyense ataika linki yake pa zifukwa zake, mphunzitsi polozera ana ake, dokotala polozera mnzake. Ntchito yawo inali kumvetsera bwino: kufika pakhomo lililonse, kusunga liwu lililonse pamalo pake, ndi kudziwa kuti mawu a wogulitsa nsalu amalemera bwanji poyerekeza ndi a mnyamata wobwera mwezi watha. Makinawo sanasokepo suti ngakhale imodzi.

M'Chingerezi dambo lija linapondedwa mpaka fumbi. M'Chichewa udzu udakali wautali, ndipo woyenda mwachisawawa uja akadumphira kuno amapeza tinjira towerengeka, tina tothera m'tchire. Safunsa anadya phula, n'zoona. Koma wofunsayo amapulumuka pokhapokha pamene pakhonde pali munthu woti amuyankhe kuti, "Mukapitirira chigayo, mukhotere kumanzere, mukafunse bambo wa mashini akuda."